Kakiyi ka M'khosi mwa Telala

Ukwati utatha, mayi telala ankati apuma. Koma kamera ya mu shopu yake anaika ndi mwamuna wake wakaleyo, ndipo mawu achinsinsi otsegulira ankawadziwa. Ankangokhala kwake n'kumaonera shopuyo pa foni ngati kanema.

"Diresi yofiirayo wavalira ndani?" ankafunsa akaimba. Tsiku lina: "Mwamuna umamuyeza m'chiuno uja wachedweranji kutuluka?"

Telala anasintha mawuwo, bamboyo n'kuwalota, poti linali dzina la mwana wawo. Anasinthanso, bamboyo n'kunyengerera mwanayo mpaka kuulula. Kuzimitsa kamera sakanatha. Akuba anali atathyolapo kale n'kusesa nsalu za eni ake.

Mng'ono wake, wokonza makompyuta, anabwera ndi kachitsulo kochepa ngati chala cha khanda.

"Asisi, aka ndi kakiyi. Ndakalumikiza ndi kamera yanu. Wofuna kuona za muno azikhala nako m'manja, akagunditse pa foni. Mawu okha sakwaniranso."

"Nanga kakatayika?"

"Kena ndasunga ine. Musabwereke munthu, ngakhale akulirireni misozi ya magazi."

Telala anakapisa pa chingwe n'kukavala m'khosi, mkati mwa bulauzi.

Sipanapite nthawi, bamboyo anatulukira dzuwa lili paliwombo, shopu itadzaza ndi amayi odikira mayunifolomu a ana awo. Moni sanapereke.

"Kamera iyo ndinagula ndine. Ndipatse mawu ake."

Telala anasiya kupalasa makina. Zaka zonse zija, liwu limeneli likamveka iye ankangozolika. Analavulira mapini m'dzanja, n'kudzutsa mutu.

"Mawu? Lembani, bambo a mwana." Anawatchula mokweza, aliyense akumva. "Ndisiyeni. Chilembo choyambacho chachikulu."

Bamboyo anadinadina foni. Inakana. Anadinanso, thukuta lili kamukamu.

"Ikuti ndiike kiyi. Kiyi wake uti?"

"Amene mulibeyo."

Mayi wina anaphulika nako kuseka. Bamboyo anamenya tebulo, sizasi n'kugwera pansi.

"Ndiizula kamerayo!"

"Zulani, makwerero ali kuseriko. Koma dziwani kuti panopa ikukujambulani, ndipo zithunzi zake sizigona m'menemo. Zikupita kumene inu simungalowe. Ndikatsegulira apolisi, osati inu."

Bamboyo anayang'ana kamera ija, n'kuyang'ana amayi aja. Onse anali ataimirira, wina atamanga kale nsalu m'chiuno. Anabwerera chambuyo, n'kutuluka akutukwana, mpaka mawu ake anamira m'phokoso la magalimoto.

Telala anati apitirize ntchito, koma ulusi osalowa pa singano. Mayi anaseka uja anamusuntha pang'ono ndi phewa, ananyowetsa ulusiwo ndi malovu n'kumupisira.

"Sokani, mayi. Mwana wanga asapite kusukulu ali chibadwire."