Liwiro la Chipolopolo cha Ignasio

Mnansi wanga Ignasio, kwathu ku Bangwe, anali ndi mfuti ya mpweya imene malemu bambo ake adamsiyira, ndipo ankaipukuta kawirikawiri kuposa nsapato zake. Vuto linali lakuti mfutiyo inali isanaphepo khwangwala ndi mmodzi yemwe, chonsecho akhwangwala ankangotola anapiye a mkazi wake Petronela ngati adawasungitsa. Petronela atatopa adanena poyera kuti chipolopolo cha mfutiyo n'chaulesi, khwangwala amachiona chikubwera n'kuchipatukira, ndipo pakapanda umboni wotsutsa, mfutiyo igulitsidwa kuti agule waya wa khola.

Ignasio zidamuwawa kwambiri. Kale akutchetcha udzu pabwalo pomwe azungu ankaphunzirira kuwombera, adaonapo makina oyezera liwiro la chipolopolo, choncho adapita ku Limbe kukafunsa. Mwini sitolo adati makinawo amachita kuitanitsa kunja, ndipo ndalama zake munthu atha kugula njinga n'kutsala nazo zina. Ignasio adathokoza mwaulemu ngati munthu woti abweranso mawa.

Adakwera basi ya ku Ndirande, adaonetsa khadi la chipani polowa mumsika, n'kulunjika kwa Che Hamis okonza mawotchi. Atangotchula zoti chipolopolo, Che Hamis adacheuka uku ndi uku n'kumuuza kuti atsitse mawu, poti masiku amenewo mawu otere sankatchulidwa pagulu. Atamva kuti adani ake ndi akhwangwala, adaseka mpaka misozi. Adatulutsa mawotchi awiri a batani, odina poyamba ndi pomaliza. Ina inali yonyezimira, yodula, ina yong'aluka galasi, yomwe kale inali ya woimbira mpira. Ignasio adasankha yong'alukayo, nati imeneyo ndiye idazolowera ntchito. Che Hamis adamchenjeza kuti chala cha munthu sichingapikisane ndi chipolopolo, koma sadakane ndalama.

Loweruka masana adapachika chitini mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ife anansi n'kusonkhana. Wotchi idaperekedwa kwa Petronela poti wokayika anali iyeyo, ndipo ine ndidaima pambali pake. Adagwirizana kuti adine mfuti ikalira, adinenso chitini chikalira. Muvi wa wotchi ukafika pakamzere koyamba, basi mfuti yapita.

Ignasio adagwada, nalozetsa mfuti. Ndidamumvera chisoni, chifukwa chinthu china chimene bambo ake adamsiyira panalibe. Petronela nayenso ankayang'ana mwamuna wakeyo, osati wotchi. Mfuti idalira, ndipo mwa chisomo cha Mulungu chitini chidati ngwe.

Petronela adayang'anitsitsa wotchi ija, kenako adaikweza kuti aliyense aone. Muvi unali pomwe udayambira.

"Sunasunthe n'komwe," adatero. "Bambo, chipolopolo chanu chathamanga kuposa wotchi. Olakwa ndi akhwangwala a kuno, adachenjerera m'tauni."

Azimayi adalulutira, Ignasio adavina mfuti ili paphewa, n'kuyamba kufotokozera aliyense ubwino wa wotchi yotchipa. Koma ine ndinali nditaona kuti chala cha Petronela sichidakhudze batani n'kamodzi komwe. Atazindikira kuti ndikumuyang'ana, adandikokera pambali.

"Waya ndigula ndekha ndikagulitsa zitumbuwa," adanong'ona. "Koma mukaulula, anzanga, mtondo wanga musadzaubwerekenso."