Nyimbo ya Malemu a Peigi

Ife a pachilumba pano tili ndi matenda amodzi: munthu akayamba nyimbo imene tikuidziwa, pakamwa pathu pamayabwa. Tormod MacAskill ankadziwa zimenezi poti ndi mwana wa konkuno, koma sukulu ya zoimbaimba ya ku Glasgow inamuiwalitsa.

Anabwera ndi nyimbo imene malemu mayi ake, a Peigi, ankaimba pokama ng'ombe. Anali ataichapa, kuisita n'kuiveka taye: piyano poyambira, mawu okoka pang'onopang'ono, kumapeto liwu lokwera kwambiri limene analiyeserera mpaka aneba kumagogoda khoma. Zonsezi ankachitira munthu mmodzi, bambo ake a Lachlan, amene ankauza aliyense kuti mwana wawo anasiya nkhosa n'kukaphunzira kukuwa. Tormod ankafuna kuti mkuluyo amve liwu lomalizalo, avomere kuti kunali kuphunzira ndithu. Chimwalirireni a Peigi, a Lachlan anali asanaimbepo ngakhale m'tchalitchi.

Loweruka masana holo ya pachilumba inadzaza ndi anthu odzamva Tormod akuimba, fungo la tiyi ndi majuzi onyowa lili guu. Tormod anapempha mwaulemu kuti anthu angomvetsera, asamuthandize. Tonse tinagwedeza mitu ngati anthu okhulupirika.

Ndime yoyamba tinapirira. Pofika pa kolasi, mayi wina kumbuyo anayamba kung'ung'udza chapansipansi, wina n'kumagunda phazi. Basi, khola linatseguka. Tinaimba mmene ankaimbira a Peigi, mofulumira, motsata manja a wokama. Ishbel, woimba piyano amene Tormod anabwera naye kuchokera ku Glasgow, anayesa kutithamangira, kenako anangopinda manja.

Tormod anapsa mtima, makutu ali psuu. Zaka zonse zija zinali kupita m'madzi chifukwa cha anthu osamva. Komabe anakoka mpweya n'kutulutsa liwu lake lija, lokoma kuposa tsiku lina lililonse. Analimva yekha.

Akadali kukamwa yasa, anaona bambo ake pamzere wakutsogolo: chipewa pabondo, maso otseka, akuimba ndi mawu osasa, manja akukama ng'ombe imene inagulitsidwa kalekale. Mkwiyo unathera pomwepo. Anamva chisoni, ndi timanyazi pang'ono chifukwa cha taye uja. Analisiya liwulo m'malere n'kulowa m'gulu ngati wina aliyense.

Pa nthawi ya tiyi Tormod anayandikira bambo ake, n'kuwafunsa ngati anamvako kumapeto kuja.

"Phokoso limene lija, mwanawe? Sindinamve kanthu," anatero a Lachlan akubviika bisiketi. "Koma kuyasamula anakuphunzitsa bwino, ndakuona."

Tormod anaseka, poti nanga akanatani. Kenako mkuluyo anawonjezera kuti:

"Mawa ndi Sabata, sitingaimbe nyimbo ya ng'ombe. Lolemba udzandiyambitsire nyimboyi kunyumba, usanakwere sitima ya pamadzi yobwerera. Ankandiyambitsira ndi mayi ako, ndekha sinditha."