Mtanga wa Mchere wa Pilato

Yakobo anali atakoka kale mtanga kuseri kwa chitseko pamene Estele anafika ndi nkhuni. Anauika pakhonde n'kuvundukula masamba a nthochi amene anali pamwamba. Munali mchere wa ku Chilwa, wotuwa, wonyowa pang'ono.

"Alamu, umenewo ukupita kuti?"

"Kwathu. Ndi katundu wa mkulu wanga."

Estele anaponya nkhuni pansi. Mwamuna wake Pilato anamuika dzana. Anabwera kuchokera kuchigwa atasenza mtangawu, akutsokomola, ndipo atagona sanadzukenso. Mcherewo ndiwo unali chakudya chawo mpaka kukolola, chifukwa ku Muloza anthu ankapereka chimanga posinthana ndi mchere. Nkhokwe inali gwaa, poti nyengo yolima Estele anaithera m'munda wa mzungu, pa thangata. Womuyankhulira analibe. Alongo ake anatsala kutsidya, kwa Apwitikizi, pamene iye ankathawa ndi mayi ake, ndipo mayiwo anali atamwalira kale.

"Ana a mkulu wanuyo adya chiyani?"

"Ana ndi anu, amake Sungani. Mwambo mukuudziwa. Ife timangobereketsa mwamuna. Akafa timatenga khasu lake, nkhwangwa yake, katundu wake." Yakobo anakhala pa mtondo wogwa. "Ndiponso mwini wake ananena yekha. Mwaiwala nyimbo yake ija?"

Anayamba kuiimba ndi mawu osasa. Inali nyimbo imene Pilato anapeka yekha, imene ankaimba potsika njira ndi katundu pamutu:

"Mchere, mwana wa dothi,
ulibe mudzi, ulibe mfunda.
Umalowa mumphika n'kusungunuka,
amakutchula tsiku limene wasowa."

Sungani, mwana wamkulu, anasuzumira pakhomo atabereka mng'ono wake. Estele anamubweza ndi diso.

"Mwamva?" anatero Yakobo. "Ulibe mudzi. Ankadzinena yekha. Mkamwini ndiye mchere, amathera mumphika wa eni. Mkulu wanga wasungunukira muno, ife kwathu sitinalaweko kanthu. Lero mukuti ngakhale chotsala tisatenge?"

"Inu mwaimva nyimboyo kangati? Ine ndaimva mpaka makutu kuwawa. Ankaimba chifukwa katundu amalemera, miyendo imafuna nyimbo. Basi."

"Munthu sapeka mawu chabe."

"Chabwino, tiyeni tiwatsate mawuwo. Akuti umalowa mumphika. Mphika wa yani? Inu munamuphikirapo? Pamene mapazi ake ankang'ambika ndi dothi lamchere lija, ankawapaka mafuta ansatsi ndani? Nyimbo yonseyo sitchula mtanga, sitchula mng'ono wake. Imatchula mphika, ndipo mphika ndi uwo uli apowo, mulibe kanthu."

Yakobo anayang'ana kuphiri, kumene mtambo unali utaphimba nsonga.

"Mawu otsiriza aja," anatero, "amakutchula tsiku limene wasowa. Mwayamba kumutchula lero."

Zimenezo zinamulowa Estele, chifukwa zinali zoona. Zaka zonsezi sanamuyamikepo Pilato. Ankangomufunsa ngati wabwera ndi mchere wokwanira.

Anayandikira mtangawo. Yakobo anaimirira msanga.

"Musayerekeze, alamu. Simunamete. Fumbi la maliro likadali pa inu."

Onse ankadziwa. Mkazi wamasiye sathira mchere, sagwira mchere, mpaka miyambo ya maliro itatha. Akaugwira, woudya amatupa miyendo ndi tsempho. Estele akanangoviika dzanja limodzi, nkhani ikanamveka mpaka ku Muloza, ndipo palibe akanalandira mcherewo ngakhale waulere. Yakobo akanapita chimanjamanja.

Estele anatambasula dzanja pamwamba pa mtanga.

"Mukatero mwaphanso ana anu," anatero Yakobo motsitsa mawu. "Inuyo mudzasinthitsa kwa yani?"

"Kaya ndigwire kaya ndisagwire, ana anga sadya. Kusiyana kwake n'kotani?"

"Thukuta la mkulu wanga litayidwe kudzala?"

Dzanja lija linakhala m'malere kanthawi. Estele anaona masamba a nthochi aja, mmene Pilato anawapindira m'mphepete kuti mvula isalowe, ali wodwala kale. Anabweza dzanja n'kulipukuta pansalu ngati lagwira kanthu.

"Tengani. Muvundikire bwino, kukubwera mvula."

Yakobo anatapa mchere wodzaza chikho chimodzi n'kuika pakhonde. Anasenza mtanga, natenga khasu ndi nkhwangwa, ndipo anatsika njira osatsanzika. Sanaimbe.

Estele anakhala pansi n'kuyamba kusinja chigwada. Chikho chimodzi. Chimanga chake sichikanafika ngakhale mwezi ukubwerawu. Ankawerengera mumtima amene angamulembe ganyu, ndiponso ngati Sungani wakula mokwanira kupita kukapalira kwa mzungu.

Chigwada chili pamoto, kunabwera a Janeti, mayi wokalamba wa nyumba ya kumunsi, amene ankamuthirira mchere mundiwo chichitikire malirowo. Anafumbata kanthu kokulunga m'tsamba.

"Wa m'chikhowo usiye, mwana wanga, ukasinthitse. Tithira uwu."

"Mwautenga kuti inu mchere, amayi?"

"Kwa bambo a Sungani. Akamachokera kuchigwa ankayamba waima kuseri kwa nyumba yanga, n'kusiya katsamba pamwala. Kwa a Lettie akhungu aja chimodzimodzi. Ankati tisakuuze, ungakalipe."

"Ndikanakalipadi," anatero Estele. "Munthu wopanda nzeru. Ana ake ali ndi njala, iye akugawa."

"Ulendo womalizawu anaimanso. Ankalephera n'kuwerama komwe. Anachita kugwada."

A Janeti anamasula tsambalo. Munali mchere wochepa, wosadzaza n'chikhatho. Anatsina pang'ono n'kuwaza mumphika, wotsalawo anakulunganso n'kuusomeka kudenga, pamene dzanja la Estele silikanakhudza mwangozi.

Estele anatakasa ndiwozo osayang'ana munthu. Kenaka anaitana ana kuti asambe m'manja.