Zithunzi za Pawindo

Kufakitale yomata zitseko za mabasi ankamutchula kuti Nakompyuta. Ntchito yake inali kujambula zitsulo zomwe zamatuka. Akalowetsa chithunzi m'kompyuta, pulogalamu inkapaka zofiira pomwe guluu watsalira, zobiriwira pomwe chitsulo chili mbee, n'kuwerengera maperesenti. Zofiira zikachuluka, vuto ndi guluu. Zobiriwira zikachuluka, wolakwa ndi amene anakwecha chitsulo asanamate. Ndiye wokwecha analipo mmodzi yekha, a Sandipepa, mdala amene wakhala pabenchi lomwelo zaka makumi awiri.

Lachiwiri lina babu ya m'bokosi lojambulira inapsa. Kupita kusitolo kukasainira ina, aa, ulesi. Nakompyuta anangonyamula zitsulo khumi n'kuzijambulira pawindo, dzuwa likuswa mtengo. Kompyuta inati zobiriwira ndi 71 peresenti. Iye anasaina lipoti n'kupita kukadya.

Lachisanu abwana anawachotsa a Sandipepa pabenchi n'kuwapatsa tsache.

Babu itabwera, Nakompyuta anajambulanso zitsulo zomwezija, kungoyesa basi. Zobiriwira 9 peresenti. Kani kunyezimira kwa dzuwa paguluu ndi komwe kompyuta inkayesa chitsulo. Manyazi anamugwira, koma mantha ndiwo anaposa. Zotsatira zatsopanozo anazibisa m'foda ya zithunzi za ukwati wa mng'ono wake, akudziuza kuti anena mawa. Mawa akewo anakwana sabata ziwiri, ndipo akamva tsache pakhonde ankatseka chitseko.

Tsiku lina sanalimve. A Sandipepa analowa atavala magalasi atsopano, ogula pamsika. Anamuuza kuti kuchipatala awayeza akuti maso ali bwinobwino, koma iwo sanakhulupirire, poti makina sanama. Kenako anatulutsa m'thumba tizitsulo tiwiri tomwe anakwecha, kumata n'kumatula okha kunyumba.

"Mwananga, tandijambulireni itinso. Sindikudandaula ayi. Ndingofuna ndidziwe ngati manjawa athadi."

Nakompyuta anatilandira ndi manja awiri. Guluu anali atagwira mbali zonse, ngakhale mwana akanaona popanda kompyuta.

"Khalani pansi, bambo. Tsachelo lisiyeni. Pali zomwe ndikufuna muone, kenako tipite limodzi kwa abwana."

Mdalayo anayamba wasasa fumbi pabuluku kuti asadetse mpando. Atakhala, anakonza magalasi aja, n'kuwerenga pang'onopang'ono dzina la foda yomwe Nakompyuta ankatsegula. Anamwetulira, n'kumufunsa kuti ukwatiwo unali wa ndani, nanga bwanji sanawaitane.