Chifuwa cha a Mkwapatira

A Lufeyo Mkwapatira, mmisiri wa matabwa wa pa Balaka, analota masanasana dzuwa lili paliwombo, atawerama pa benchi yawo yopalira. Analota akuperekeza mwana wawo Ndaziona ku mayeso apakamwa a sukulu ya udokotala.

Mtsikanayo anali atapempha malo kuwiri: kusukulu ya kwathu konkuno, ndi ku ina ya kutsidya kwa nyanja, kumene kumagwa chisanu choyera ngati ufa. Za kunjazo ankazikankha ndi bambo akewo, chifukwa ndizo zimene mwanayo ankalakalaka kuyambira ali ku pulayimale. Chimene sanamuuze n'chakuti kuyambira nyengo ya mango, akatsokomola ankalavula magazi. Ankamudziwa mwana wawo. Akanangomva zimenezi, ndege sakanaikweranso.

M'malotomo minibasi sinaime pa siteji. Inakwera masitepe a sukuluyo, n'kulowa m'kati mwenimweni, kondakitala n'kutsegula chitseko. "Otsika pa udokotala!" anatero. Iwo anatsika, mwana ali patsogolo.

Anapeza mzere wautali wa anyamata ndi atsikana ovala bwino, aliyense atabereka munthu kumsana ndi chitenje. Mnyamata wina anabereka agogo ake aamuna, miyendo ikukwekwereza pansi. Mtsikana wina ananyamula mwendo wokhawokha wotupa. Anati unali wa azakhali ake, eni ake atsala kumudzi akupalira. Mwendowo unkapereka moni mwaulemu kwa aliyense wodutsa, ndipo a Mkwapatira anauyankha.

Pakhomo la chipinda cha mayeso panakhala Nachanza, mkazi wawo amene anamwalira Ndaziona ali mu Fomu 1. Anavala nsalu yomwe anamuika nayo m'manda, yositidwa bwino. Sanadabwe kuwaona.

"Mwafika, abambo ake Ndaziona."

"Tafika. Kaya inu kumeneko?"

"Kulibe chovuta. Wodwala wa mwanayu ali kuti? Lamulo la pano, aliyense abwere ndi wodwala wake. Wopanda wodwala abwerere."

"Amayi, kwathu kulibe wodwala," anatero Ndaziona. "Ababa angondiperekeza. Ali bwinobwino."

Nachanza anawayang'ana amuna akewo nthawi yaitali, mpaka iwo anazolika.

"Lowani," anatero. "Koma akakuuzani kuti pumani, mukapume. Makani anu aja muwasiye panja pano."

Chipindacho chinalibe denga. Madokotala atatu ovala zoyera anakhala kuseri kwa tebulo, pakamwa ndi pamphuno ataphimba ndi nsalu. Kumbuyo kwawo kunali makomo awiri. La kumanzere linali lotsegula pang'ono: kunkamveka Chichewa, kulira kwa makanda ndi fungo la mankhwala okolopera m'chipatala. La kumanja linali lotseka, koma kunsi kwake kunkalowa mphepo yoluma akakolo, ikukankha ufa woyera uja.

Pakati pa chipinda panali thabwa la mlombwa loti wodwala agonepo. A Mkwapatira analisisita n'kuzindikira kapalidwe ka dzanja lawo. Atagonapo, anapeza kuti utali wake unali wawo ndendende, osatsala osapitirira.

Dokotala wapakati, mayi wa imvi, anavula m'khosi chipangizo chomvetserera m'chifuwa n'kumupatsa Ndaziona.

"Ndaziona Mkwapatira, funso ndi limodzi. Mvetserani chifuwa cha munthu uyu, mutiuze chimene mwamva. Mukanena zoona, musankha khomo limene mukufuna. Mukanama, kapena mukapanda kumva kanthu, makomo onse awiri asanduka khoma. Yambani."

Ndaziona anaika mbali imodzi m'makutu, n'kumasula mabatani a malaya a bambo ake. Kachitsulo kozizira katakhudza khungu lawo, kanalankhula motsitsa mawu kuti amve iwo okha.

"Pepani bambo, ine sindisunga chinsinsi. Cholowa uku chimatulukira uko."

A Mkwapatira anagwira mpweya. Anaganiza kuti akalimba mtima pang'ono, mwana angomva kugunda kwa mtima, anene kuti munthuyu ndi wamoyo, basi zithe.

"Sindikumva kanthu," anatero Ndaziona.

Pomwepo njerwa zinayamba kumera pansi pa makomo aja, zokha, popanda womanga. Mzere woyamba unakhala, wachiwiri n'kukwera pamwamba pake. Madokotala sanacheuke n'komwe.

"Ababa, pumani."

Iwo analuma mano. M'makutu mwawo munayamba kulira. Njerwa zinafika m'maondo.

"Ababa, chonde. Ndikulephera."

Anaona manja a mwana wawo ali pa kachitsulo kaja, manja omwe aja ankagwira buku ali pakhonde la shedi yawo, makina akulira, iye osadandaula. Njerwa zinafika m'chiuno. Akapuma, mwana adziwa. Akapanda kupuma, mwana abwerera ku Balaka chimanjamanja, osadziwa n'chomwe chamulepheretsa.

Anapuma.

Phokoso lake linadzaza chipinda chonse. Linali ngati sowo ikudula mtengo wauwisi, ikukakamira, ikubwerera, ikukakamiranso. M'kamwa mwawo munatuluka utuchi wofiira, n'kumagwera pa thabwa pang'onopang'ono. Njerwa zinaima.

Ndaziona sanalire. Anasuntha kachitsulo kaja n'kumvetsera kumanja, kenako kumanzere, kumanzerenso. Atamaliza anaimirira chilili ngati wa kusukulu.

"Mapapo a kumanzere avulala. Sizinayambe lero. Munthuyu wakhala akubisa."

"Munthuyu ndi ndani wanu?" anafunsa mayi wa imvi uja.

"Ndi ababa anga."

"Mwakhoza. Sankhani khomo."

Njerwa zinabwerera pansi monga mmene zinamerera, ndipo makomo onse awiri anatseguka. Ndaziona sanayang'ane n'komwe la kumanja. Analunjika la kumanzere.

"Ndaziona, uko ayi," anatero bambo ake ali chigonere.

"Ababa, uku nakonso n'kuphunzira udokotala. Odwala a kuno si anthu?"

"Ndi anthu. Ukanakusankha dzana, ndikanaomba m'manja. Koma lero sukusankha sukulu. Ukusankha chifuwa changa."

"Nanga ndikapita, kuchipatala azikuperekezani ndani? Madzi azikupatsani ndani mukagona?"

"Sindinakulere kuti uzilondera chifuwa cha nkhalamba. Ukalowa uko chifukwa cha ine, sudzandinena, ndikudziwa. Koma ine ndikamakuona m'mawa uliwonse, ndizidziwa kuti ndinakudya."

"Munandinamiza, ababa."

"Sindinaname. Sunandifunse."

"Ndinakufunsani. Munati ndi fumbi la matabwa."

Mayi wa imvi uja anagogoda tebulo ndi chala, ndipo njerwa zinayambanso kumera, tsopano mofulumira.

"Makomo sadikira zokambirana za pabanja," anatero.

Ndaziona anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, anayang'ana bambo ake. Kenako anabwerera, n'kugwira dzanja lawo, n'kulipanikiza pa kachitsulo kaja pachifuwa.

"Chabwino, ndipita. Koma ichi sindivula m'makutu. Inu gwirani apa, musasiye. Ndikangomva zii, ndibwerera pomwepo, ngakhale ndili pakati pa mayeso."

Analumpha njerwa zija n'kulowa khomo la kumanja atavala diresi lake lopyapyala la ku Balaka. Chisanu chinamufika m'maondo. Sanacheuke. Kapayipi ka chipangizo chija kanayamba kutamuka kumulondola, ndipo chitseko chitatsekeka, kanangodutsa kunsi kwake osaduka.

Madokotala ananyamuka n'kutuluka. Panja mzere unali utatha. A Mkwapatira anatsala okha pa thabwa lawo, dzanja lili pachifuwa, akupuma mosamala ngati munthu wosenza ndowa yodzaza. Kapayipi kanapitiriza kutamuka. Poyamba kanali ngati chala, kenako ngati chingwe cha nsapato, kenako ngati ulusi wosokera. Mwa apo ndi apo kankagwedezeka, iwo n'kudziwa kuti mwana akukwera masitepe, kapena wakhala pansi m'kalasi, kapena waima kuti amvetsere.

Nachanza anasuzumira pakhomo.

"Tikutseka, abambo ake Ndaziona."

"Sindingadzuke. Mwana akumvetsera."

"Ndiye khalani. Ine sindingakugwirireni kachitsuloko. Manja anga samveka kumeneko."

Anakoka chitseko n'kupita.

Apo m'pamene anamva chifuwa chikukwera. Chinayambira pansi penipeni, kumanzere, chikukanda ngati khoswe m'nkhokwe. Ulusi uja tsopano unali ngati wa kangaude, wongooneka dzuwa likauwomba. Anadziwa kuti akatsokomola uduka, ndipo mwana sadzamvanso kanthu za iwo. Anadziwanso kuti akachigwira, mwana amva zii, asiya zonse, abwerera wapansi m'chisanu. Anayesa kumeza malovu, koma chifuwa sichinabwerere. Anayesa kupuma ndi mphuno yokha. Chifuwa chinafika pakhosi. Thukuta linatsikira m'maso. Ulusi unakoka kamodzi, ngati munthu akufunsa. Unakokanso kachiwiri, mwamphamvu.

Anatsokomola.

Anadzidzimuka ali m'shedi mwawo, tsaya lili pa benchi, dzuwa litapendeka. Anafuna kuweramuka, koma anamva kulemera kumsana, kumanzere, cha pansi pa phewa. Linali khutu la munthu. Ndaziona anali atagwada pambali pawo, mutu atautsamiritsa pa malaya awo onyowa ndi thukuta, ndipo zinkaoneka kuti sanagwade posachedwa.

"Musadzuke, ababa," anatero. "Pumaninso."

Iwo anapuma, mpweya wonse, osasiyako.

Mwanayo anamvetsera mpaka anamaliza. Anaimirira, n'kusasa maondo ake, n'kupita kuseri kwa chitseko. Anabwera ndi nsapato zawo za ku tchalitchi n'kuziika pansi patsogolo pawo.

"Za sukulu tikambirana pobwera," anatero. "Kuchipatala sanatseke."

A Mkwapatira anatsegula pakamwa kuti anene za fumbi la matabwa. Anamuyang'ana mwana wawo m'maso, n'kutsekanso. Anawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato.