Pemphero la Pamwamba pa Mombo

Mlamu wanga Ackim Tembo ndi munthu wabwino, koma nzeru zake zimabwera mochedwa ngati basi ya ku Kasenengwa. Ndikunena ine Peggy, mkulu wake wa mkazi wake Vailet, ndipo akafuna akandisumire.

Vailet anakhala pabanja zaka zambiri wopanda mwana. Mimba itaoneka, ku Madzimoyo tinavina mpaka fumbi koboo. Koma tsiku litakwana, adokotala ku Chipata anati mwana wagona chopingasa, pafunika opaleshoni msangamsanga. Ndinkaopa kuti titaya onse awiri.

Bambowo anangondiponyera chikwama cha matewera. “Alamu, gwirani ichi. Ine ndikaonane ndi Mulungu.” Ndisanatsegule pakamwa, munthu uja liwiro, ulendo wa kuphiri.

Paja kuno munthu zikamuthina amakwera phiri kukapemphera. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza yekha, manyazi alibe. Anapeza phiri ladzaza: ofuna ntchito, ofuna mabanja, odwala, aliyense pamwala pake, maso ali tsinzi, kufuula. Ackim ndi munthu wozolowera mzere wa feteleza kukoparetivu, kumene wakumbuyo amabwerako chimanjamanja. Anawerengera kuti kumwambanso amayamba ndi amene ali pafupi. Anapyola onse mpaka pansonga, n’kupeza mkulu wina, a Ezekiel, atagwada kale pamwala womaliza. Pambali pawo panali mtengo wautali wa mombo. Alamu anga anavula nsapato n’kukwera, bambo wandevu zake!

Anapemphera ndithu, kuchokera pansi pa mtima. Vuto linabwera atati ameni n’kutsegula maso. Chipata yonse inali pansi, maminibasi akuoneka ngati nsabwe. Chizungulire chinamugwira, anakumbatira thunthu ndi manja onse awiri, ndipo nyerere zofiira za mumtengomo zinayamba kulowa m’buluku.

“Mayo ine! Ndikufa kuno!”

“Limbikirani, m’bale!” anatero a Ezekiel osatsegula maso. Kuphiri munthu akamalira samusokoneza.

Nthawi yomweyo ine ndinali kuimba foni. Inali m’thumba lake la malaya, pamtima penipeni. Inalira, n’kuleka, n’kuliranso. Ankadziwa kuti ndi ine, ndipo kuti ndanyamula uthenga wa moyo kapena wa maliro. Koma manja anakana kusiya mtengo. Akuti analira ngati kamwana, chifukwa yankho limene anakwerera phiri linali m’thumba, iye osatha kulitenga.

Kenako anati, “Ambuye, ine manja ndili nawo awiri okha. Ndikusiya mtengowu, gwirani ndinu.”

Anasiya. Ndinamva “Halo”, ine n’kuika foni pafupi ndi kakhanda kamene kanali kulira mokwiya m’manja mwa anamwino. Kenako m’foni munamveka thyoo, masamba waa, chinthu cholemera phii! Kunati zii. Mwadzidzidzi kunabwera mawu aang’ono, onjenjemera: “Alamu, nanga mayi ake?”

“Ali moyo, chitsiru inu! Mwana ndi wamkazi!”

Anagwera pachitsamba, n’chifukwa chake anangothyoka mkono umodzi. A Ezekiel ndi anzawo anamutsitsa phiri akuimba nyimbo zoyamika. Madzulo analowa muwodi mkono uli mupulasitala, nsapato alibe, akudzikanda m’malo osatchulika.

Vailet anamuyang’ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Mawu ake anali ofooka. “A Tembo, munali kuti?”

“Ndinapita kufupi ndi Mulungu, amayi, kukakupemphererani.”

“Kufupi kwake kuti? Ine pamene amandilowetsa muja mantha anandigwira, ndinayang’ana pakhomo, inu kulibe. Ndinangonong’ona kuti, ‘Ambuye, musandisiye.’ Ndipo sanandisiye. Anali pompano, a Tembo. Amene munasowa ndi inu.”

Ine ndinali nditakonza mawu anga akuthwa tsiku lonse, koma nditaona misozi ikutsikira m’ndevu zake ndinawameza. Anagwada pambali pa bedi.

“Khalani pansi pomwepo,” anatero Vailet. “Musakwerenso chilichonse, ngakhale mpando. Achemwali, mpatseni mwana wake.”

Ndinamuika kakhanda pamkono wotsalawo.