Chithunzi cha a Elia pa Gulu la Akumudzi

Mpando unauluka n'kukamenya khoma, ndipo a Comfort asanadzuke n'komwe, chibakera cha a Elia chinali chitawapeza kale pakamwa.

Linali Lachitatu masana, m'kachipinda ka pa kiliniki ku Jeppestown, ku Joni, momwe odwala mtima asanu ndi awiri ankakumana kuti azikhuthulirana nkhawa. Mayi Matildah, mlangizi wochokera ku Chipata, anali atangonena kuti, "Tsinzinani, pumani pang'onopang'ono." Onse anatsinzinadi. A Elia ndi amene analowa mochedwa, maso ali psuu.

"Mwandipha ndili moyo, inu," anatero a Elia atawagwira a Comfort pakhosi.

Sabata yathayo a Elia, mlonda wa ku Sandton, anaulula zomwe anabisa chaka chathunthu: amaopa kufera ku Joni, ndipo akazi awo a Esitere ku Dedza sadziwa za matendawo. Lamulo la pamsonkhanopo linali limodzi, zam'chipinda zithere m'chipinda. Koma a Comfort, mkulu wa mpingo wachifundo chosaganiza kawiri, anaona kuti kupuma kokha sikungachize munthu. Anaika chithunzi cha mnzawoyo pa foni, pa gulu la anthu akumudzi, n'kulemba kuti, "Tiwakumbukire m'mapemphero." Anaiwala kuti pagulu limenelo nkhope ya munthu imatuluka pokhapokha thupi likamafunika kupita kwawo.

Mmene kumacha, ku Dedza anali atatulutsa kale katundu m'nyumba, a Esitere atakomoka kawiri.

"Ndimafuna akupempherereni, achimwene," anatero a Comfort, magazi akuchucha pamalaya.

"Anakutumani ndani, wena?"

A Elia anawagwetsa chagada n'kuwamenyetsa mutu pasimenti. A Maliki, wodwala mnzawo, anati aleretse, chigongono chinawapeza m'diso. Zinali zomvetsa chisoni ndi manyazi omwe, madoda oletsedwa ngakhale kukwera masitepe akugubuduzana pansi.

"Abambo Elia, mtima wanu!" anakuwa Mayi Matildah.

Manja a Elia anamasuka okha. Anagwira pachifuwa, nakhala pansi, kukamwa kuli yasa. Mayi Matildah anathamangira nesi. A Comfort anakwawa n'kupisa m'thumba lakumanzere la mnzawoyo, poti pamsonkhanopo aliyense anali atasonyeza anzake pomwe amasunga mankhwala. Anawaika kapilitsi kunsi kwa lilime ndi zala zamagazi.

Ululu utayamba kuchepa, foni ya a Elia inalira. Anali a Esitere, kachikhumi. Uthenga wolembedwa woti "ndili bwino" a Esitere anali ataukana, ankafuna mawu. A Elia ankaopa funso limodzi lokha, loti anthu akuwapemphereranji.

"Eish, isiyeni ilire kaye," anatero a Maliki atagwira diso.

A Elia anapukusa mutu, nayankha foniyo.

"Esitere, ndine. Sindinafe." Anapuma pang'onopang'ono, monga anaphunzitsidwira. "Koma khalani pansi. Pali zomwe ndakubisirani chaka chonse."

A Comfort anatola dzino lawo pasimenti, natuluka, n'kutseka chitseko kuti asamve.